Mphaka nayenso amadwala chiseyeye

Mawu oti chiseyeye tonse timawadziwa. Munthu akamalavula magazi potsuka mano, nkhama zitatupa, m'kamwa mukununkha, timamuuza kuti athamangire kuchipatala mano asanayambe kugwedera. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti nthenda ya mtundu womwewu imagwiranso amphaka, ndipo si okalamba okha ayi. Imagwira ngakhale kamphaka koti sikanathe chaka, komwe tikukadalira kuti kayambe ntchito yolondera chimanga.

Ndaona kuti ndilembe za nkhaniyi chifukwa m'makomo mwathu mphaka akayamba kuonda, kuchucha dovu n'kumakana chakudya, maganizo athu amathamangira kuwiri: mwina wadya khoswe wapoizoni, mwina wayamba chiwewe. Zonse ziwirizi zimachitikadi, ndipo ndizikamba. Koma alipo amphaka ena amene amaphedwa kapena kukatayidwa kutchire pamene vuto lawo lili m'kamwa basi, vuto loti likadachizika.

Mlonda wa matumba anga

Ndili ndi kaokala pakhomo, ndipo kuchipinda cha kuseri ndimasungako matumba a chimanga ndi mtedza. Amene adasungapo mbewu m'nyumba akudziwa kuti anankafumbwe timathana nawo ndi mankhwala, koma makoswe ndi nkhani ina. Amaboola matumba, amakodzera ufa, amaluma sopo ndi makandulo a pashelefu. Poizoni ndimamuopa chifukwa pakhomo pali ana ndi nkhuku. Choncho mu Januwale chaka chatha, alamu anga atandiuza kuti mphaka wawo adaswa, ndidakatengako kamodzi kakakazi ka miyezi iwiri. Ana adakatcha Bonya chifukwa cha mmene kankathamangira kakamva fungo la tinsomba timeneti.

Bonya adabwera ali ndi kachimfine, akuyetsemula, m'maso muli manthongo, koma patatha sabata ziwiri adachira. Atakwanitsa miyezi itatu tidamubayitsa katemera wa chiwewe. Chapakati pa mwezi wachinayi, ndikusesa, ndidapeza kadzino kakang'ono ngati njere ya mpunga pamphasa. Nditafunsa mlangizi wa ziweto wa dera lathu, adandiuza kuti ndisade nkhawa, mwanayo akugula mano. Mwana wa mphaka amakhala ndi mano aubwana 26 omwe amayamba kumera ali ndi sabata ziwiri kapena zitatu. Kuyambira pa miyezi itatu kapena inayi manowa amaguluka, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 amakhala atamera aukulu okwana 30. Pa nthawi imeneyi nkhama zimafiirako pang'ono ndipo m'kamwa mumamveka kafungo. Mlangiziyo adati zikapitirira mano onse atamera, pamenepo ndiye pali nkhani.

Zidapitiriradi. Mu Julayi, matumba atadzaza kuchipinda, makoswe atayamba kuyendera, Bonya adali ndi miyezi 8. Mwana wanga wamkazi, yemwe amakonda kumufungatira, ndiye adayamba kudandaula.

“Amayi, m'kamwa mwa Bonya mukununkha ngati nsomba yoola. Ndiponso taonani, pakansalu kamene amaseweretsa pali magazi.”

Nditayamba kumuyang'anitsitsa ndidaona zinanso. Ankathamangira mbale ngati kale, kusonyeza kuti njala ali nayo, koma akaluma usipa ankapendeketsa mutu, kutafunira mbali imodzi, kenaka n'kuulavula. Nthawi zina ankalira n'kuthawa mbaleyo ngati yamuluma. Ankadzikanda kukamwa ndi phazi. Adasiya kudzinyambita, ndipo ubweya wake womwe unkawala udayamba kunyankhalala. Nditatukula mlomo wake wam'mwamba ndidaona mzere wofiira ngati tsabola wakupsa m'mbali mwa mano onse, ndipo kumano a kuchibwano nyama idatupa mpaka kuphimba theka la dzino.

Kusiyanitsa ndi chiwewe komanso poizoni

Ndisanapitirire, pali chenjezo lomwe silofunika kulidumpha. Ine ndidalimba mtima kugwira pakamwa pa Bonya chifukwa ndinkadziwa kuti adabayidwa katemera, sadalumidwe ndi nyama iliyonse, ndipo khalidwe lake silidasinthe. Ankandizindikira, ankamwa madzi, ankayenda bwinobwino. Mphaka amene simukumudziwa, kapena wanu yemwe koma wosabayitsa, akamachucha dovu musamupise chala m'kamwa.

Chiwewe chilipo m'dziko muno ndipo zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka, sichichizika, kwa nyama ngakhale kwa munthu. Anthu ambiri amachitenga kwa agalu, koma mphaka nayenso amatha kuchitenga n'kupatsira munthu. Mphaka wachiwewe amasintha khalidwe m'masiku ochepa. Wofatsa amasanduka wolusa, amaluma chilichonse, amalira modabwitsa, amalephera kumeza, miyendo imafooka, ndipo nthawi zambiri amafa pasanathe masiku 10. Wotere mutsekereni poti sangathawe, ana asayandikire, ndipo itanani a zaulimi kapena avetenale. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Poizoni naye ali ndi mayendedwe ake. Tameki, yemwe ena amagula pamsika kuti aphere makoswe, amagwira msangamsanga. Mphaka yemwe m'mawa adali bwino amayamba kutuluka thovu, kunjenjemera, kusanza ndi kutsekula m'mimba. Palinso mankhwala ena a makoswe omwe amachititsa kuti magazi asaundane. Amenewa amaoneka patapita masiku angapo. Mphaka amafooka, nkhama zimayera ndipo magazi amatha kutuluka m'kamwa kapena m'mphuno. Zonsezi n'zofunika dokotala nthawi yomweyo.

Chiseyeye sichithamanga choncho. Chimabwera pang'onopang'ono, kwa masabata kapena miyezi. Mphaka amakhala ndi nzeru zake zonse, chakudya amachifuna, koma kutafuna ndiye kumamupweteka.

Zimene adandifotokozera dokotala

Ndidamukulunga Bonya m'chitenje, n'kumuika m'katoni yoboola timabowo ta mpweya, n'kukwera naye minibasi kupita m'tauni kwa dokotala wa zinyama. Atamuyeza kulemera ndi kutentha kwa thupi, adamuyang'ana m'kamwa ndi tochi.

“Mayi, mwabwera pa nthawi yake,” adatero. “Mano sanayambe kugwedera. Apa tikulimbana ndi nkhama zokha, fupa lisanadyeke.”

Adandifotokozera motere. M'kamwa mwa nyama iliyonse muli majeremusi. Majeremusiwa amasakanikirana ndi malovu ndi zotsalira za chakudya n'kupanga litsiro lomata lomwe limakuta mano m'maola ochepa chabe. Likapanda kuchotsedwa, m'masiku owerengeka limauma n'kukhala ngati simenti yachikasu kapena yabulauni, yomwe mswachi sungathe kuichotsa. Thupi likamva majeremusi m'mphepete mwa nkhama, limatumizako asilikali ake, ndipo nkhondo imeneyo ndiyo imachititsa kufiira, kutupa ndi kutuluka magazi. Pa siteji imeneyi nthendayo imabwezeka. Koma ikalowa pansi n'kuyamba kudya minyewa yogwira dzino ndi fupa la nsagwada, chomwe chadyekacho sichibwereranso. Dzino limagwedera, pamizu pamachita mafinya, kenaka limaguluka.

Kwa amphaka ambiri zimenezi zimatenga zaka. Koma alipo ena, monga Bonya, omwe chitetezo chawo cha m'thupi chimalusa mopitirira muyeso mano aukulu akangomera. Litsiro lochepa lomwe mphaka wina sakanalimva n'komwe, kwa iwo limatupitsa nkhama mpaka kukwera pamwamba pa mano. Nyama yokwerayo imapanga timatumba momwe chakudya chimabisalamo, ndipo vutolo limadzidyetsa lokha. Nkhani yabwino, malinga ndi dokotalayo, ndi yakuti amphaka ambiri otere akasamalidwa mosadukiza, thupi lawo limadzakhazikika akamayandikira zaka ziwiri. Akalekereredwa, amatha kutha mano adakali ana.

Ndidafunsa ngati pali china chomwe chidayambitsa. Adati kachimfine kaja kakhoza kukhala ndi mbali yake, chifukwa kachilombo kena ka chimfine cha amphaka, kotchedwa calicivirus, kamatsalira m'thupi ndipo kamadziwika ndi zilonda za palilime ndi kutupa kwa m'kamwa. Adamutenganso magazi kuti ayeze tizilombo tina tiwiri tomwe timafooketsa chitetezo cha mphaka, FIV ndi FeLV. Ka FIV kamafala kwambiri amphaka akamalumana pomenyana, makamaka amphongo oyendayenda usiku. Dzina lake limafanana ndi la HIV, ndipo ndikudziwa kuti wina akamva angachite mantha, choncho ndinene mosabisa: tizilombo timeneti n'ta amphaka okha, sitipatsira munthu. Magazi a Bonya adapezeka opanda tonse tiwiri.

Chinanso chomwe adayang'ana ndi ngati pali dzino laubwana lomwe lidakana kuguluka. Zimachitika kuti dzino losongoka lakale limatsalira pambali pa latsopano, ndipo pakati pa awiriwo pamadzaza zakudya ndi ubweya. Lotere amalizula.

Ndidafunsanso funso lomwe ndikudziwa kuti owerenga ena ali nalo. Ife timaphunzira kusukulu kuti chiseyeye chimabwera chifukwa chosowa vitamini C, ndiye kodi mphaka osangomufinyira ndimu? Dokotala adaseka. Thupi la mphaka limadzipangira lokha vitamini C, mosiyana ndi la munthu. Vuto lake si kusowa zipatso, ndipo ndimu pankhama zotupa angangomuwotcha.

Chithandizo chake

Tsiku limenelo adamubaya jakisoni wochepetsa ululu ndi kutupa, n'kundipatsa mankhwala amadzi oti ndizimumwetsa kunyumba pa mlingo womwe adayeza molingana ndi kulemera kwake. Adandichenjeza kuti mankhwala opha majeremusi paokha sachiza nthendayi. Amangoiziziritsa kwa masabata angapo, ndipo ukasiya imabwerera, chifukwa litsiro loyambitsa lija likadali pamano.

Chithandizo chenicheni chidachitika mu Ogasiti. Adamugoneka ndi mankhwala, n'kupala mano onse pamwamba ndi pansi pa nkhama, n'kudula nyama yomwe idakwera pamano a kuchibwano. Mphaka sungamuuze kuti yasamula ngati munthu, choncho ntchito imeneyi siitheka ali maso. Adandiuza kuti ndisamupatse chakudya kuyambira usiku wa dzulo lake kuopa kuti angasanze ali mtulo. Dokotala adandilangizanso za kumutseka kuti asamabereke, ndipo tidagwirizana tsiku lina la zimenezo atachira m'kamwa. Mphaka wotsekedwa kapena wofulidwa sayendayenda kwambiri, samenyana kawirikawiri, ndipo mphamvu zake sizithera kuyamwitsa.

Patapita miyezi 6 tidabwererako kukapalitsanso. Ulendo umenewo dokotala adapeza timano tiwiri takutsogolo tikugwedera ndipo adatizula. Ndidadandaula, koma adanditsimikizira kuti kwa mphaka, dzino lopweteka ndi loipa kuposa gweru. Amphaka satafuna mopera ngati ife. Amadula nyama n'kumeza, ndipo ngakhale amene adazulidwa mano ambiri amadya bwino zilonda zikapola. Ndidazionadi: patangotha masiku atatu Bonya ankadya kuposa kale.

Zomwe simuyenera kumupatsa

Apa ndi pomwe pagona moyo wa mphaka wanu. Tsiku lomwe ndinkakonzekera ulendo woyamba uja, mayi wina woyandikana naye nyumba adandimvera chisoni.

“Anzanga, mukavutikirenji ndi minibasi? Ingomuswerani theka la Panado mumkaka, mawa adzuka ali bwino.”

Adanena ndi mtima wabwino, ndipo ndi mmene ambiri timaganizira. Koma paracetamol, yemwe ali mu Panado ndi mankhwala ena ambiri a mutu ndi chimfine, ndi poizoni kwa mphaka. Chiwindi cha mphaka chilibe mphamvu yophwanya mankhwalawa ngati cha munthu. Amaononga magazi kuti asathe kunyamula mpweya, nkhama zimasanduka zabulauni, nkhope ndi mapazi zimatupa, mphaka amabanika. Piritsi limodzi lokha la 500 mg litha kumupha. Ibuprofen, yemwe ambiri timamutcha Brufen, amaononga impso ndi kuboola m'mimba. Aspirin naye sayenera kuperekedwa popanda dokotala.

Musamutsuke m'kamwa ndi Dettol, spiriti kapena kachasu. Mankhwala a mtundu wa Dettol ndi oopsa kwa amphaka ngakhale pakhungu, poti amadzinyambita. Musamupake adyo kapena anyezi, chifukwa ziwirizi zimaphwanya magazi a mphaka, ndipo n'chifukwa chake ndiwo zotsala zokazingira anyezi wambiri sizimuyenera. Madzi amchere omwe ife timachukucha n'kulavula, iye amameza. Mankhwala athu otsukira mano nawonso adapangidwira munthu wodziwa kulavula, ndipo fluoride yemwe ali mmenemo si woti nyama izimeza. Makapisozi ogula pamsika, omwe ena amathira m'madzi a nkhuku, asiyeni. Simudziwa mlingo wake, ndipo kumwetsa mwachisawawa kumangolimbitsa majeremusi kuti mankhwala asadzagwirenso ntchito.

Kutsuka mano a mphaka

Dokotala atandiuza kuti ndizimutsuka mano tsiku lililonse, ndidaganiza kuti akuseleula. Koma zimatheka, bola kudekha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa mphaka mawuwa ndi oona kwambiri.

Choyamba, musayambe nkhama zikadali zopweteka. Mukamupweteka tsiku loyamba, sadzakulolaninso. Ine ndidadikira mpaka dokotala adati zilonda zapola. Pa nthawi yodikirayo ndinkamupaka mankhwala omwe adandipatsa, okhala ndi chlorhexidine wochepa mphamvu wopangidwira m'kamwa mwa ziweto.

Sabata yoyamba sindidatsuke chilichonse. Madzulo, Bonya akakhuta n'kukhala pamiyendo panga, ndinkaviika chala mumsuzi wa nsomba wopanda mchere, iye n'kunyambita, ine n'kumusisita m'masaya ndi kutukula mlomo kwa kamphindi. Sabata yachiwiri ndidayamba kukulunga chala ndi kansalu koyera kofewa, koviika m'madzi ofunda, n'kupukuta mano awiri kapena atatu okha. Sabata yachitatu ndidafika kumano a kuchibwano. Patatha mwezi ndidayamba kugwiritsa ntchito kamswachi kofewa ka makanda.

Simufunika kumuyasamulitsa. Mutu mumaugwira mofatsa kuchokera kumbuyo, kukamwa kuli kotseka, n'kulowetsa mswachi pansi pa mlomo. Mumatsuka kunja kwa mano kokha, mbali ya kutsaya, chifukwa ndiko kumaunjikana litsiro lambiri. Malo ofunika kwambiri ndi pomwe dzino lakumana ndi nkhama, makamaka mano aakulu a m'mwamba chakumbuyo. Theka la mphindi mbali iyi, theka mbali inayo, basi. Mankhwala otsukira mano a ziweto amapezeka kwa madokotala ena a zinyama, koma akasowa madzi okha akwanira, chifukwa chomwe chimachotsa litsiro ndi kukhula. Mukatha mupatseni kanthu komwe amakonda. Masiku amene wavuta, musiyeni, mudzayesenso mawa. Ndipo ntchito imeneyi ndi ya munthu wamkulu, osati ana, chifukwa bala la dzino la mphaka ndi laling'ono koma lakuya ndipo limatukusira msanga.

Chakudya

M'makomo ambiri mphaka timamuponyera mkute wa nsima n'kunena kuti zotsalazo akasake yekha. Koma mphaka si galu. Thupi lake lidapangidwira kudya nyama, ndipo pali zofunika zina, monga taurine, zomwe amazipeza m'nyama ndi nsomba zokha. Akazisowa, maso ndi mtima zimaonongeka. Mphaka wodwala m'kamwa sangathenso kusaka, ndiye mukamusiya kuti adzionere yekha mwamuweruza kuti afe ndi njala.

Pamene Bonya ankamva ululu, ndinkaviika usipa kapena bonya m'madzi kuti mchenga ndi mchere zichoke, n'kuwiritsa popanda mchere, anyezi kapena mafuta, kenaka n'kusinja mpaka kukhala phala. Timinga ta nsomba zing'onozing'onozi tikafewa n'kusinjika timamupatsa zolimbitsa mafupa. Masiku ena ndinkamupatsa dzira lowiritsa lophwanya, kapena nyama ya nkhuku yowiritsa yonyenyanyenya. Chiwindi ndimamupatsa pang'ono, kamodzi pa sabata, chifukwa chikachuluka chimadwalitsa. Chakudya chikakhala chofunda pang'ono fungo limamveka ndipo amachilandira msanga. Ndinkamupatsa pang'onopang'ono kanayi pa tsiku m'malo mwa mbale yodzaza kamodzi.

Mafupa a nkhuku ophika ndi minga za chambo kapena mlamba musamupatse. Zimabaya nkhama ndipo zimatha kupingasa m'kamwa. Mkaka wa ng'ombe, womwe timauona ngati chakudya cha amphaka, umatsekula m'mimba ambiri a iwo akasiya kuyamwa. Chofunika ndi madzi oyera tsiku lililonse, ndi mbale yakeyake yotsukidwa akangotha kudya. Ndipo mphaka wamng'ono akatha tsiku lathunthu osadya kalikonse, musadikire lachiwiri, chifukwa amafooka msanga.

Musaiwalenso njoka zam'mimba ndi utitiri. Mphaka wodya makoswe amatenga njoka kawirikawiri, ndipo wanga ndimamumwetsa mankhwala ake miyezi itatu iliyonse. Pa utitiri funsani mankhwala a amphaka enieni. Ena opangira agalu, okhala ndi permethrin, amapha mphaka.

Kodi n'koyenera kuonongera ndalama mphaka?

Funso limeneli ndidafunsidwa kangapo, ndipo silopusa. M'bale wanga wina adandiuza maso ndi maso kuti: “Achemwali, anthu akusowa ya mankhwala a ana, inu mukukweza chona minibasi?” Ena m'minibasimo atamva kulira m'katoni adayamba kunong'onezana, poti tikudziwa zomwe anthu amakamba za amphaka ndi ufiti.

Yankho langa lili pawiri. Loyamba ndi la masamu. Zonse zomwe ndidalipira chaka choyamba, kuphatikizapo mayendedwe, zidali pafupifupi mtengo wa matumba awiri a chimanga. Chaka chomwe ndidalibe mphaka, makoswe adandionongera zoposa pamenepo, osawerengera katundu wa muokala ndi matumba omwe ndidasokanso. Mphaka wosamalidwa amatha kukhala zaka zoposa 10. Mukagawa ndalamayo pa zaka zonsezo, palibe mlonda wotchipa kuposa ameneyu. Ng'ombe yapangolo ikatsimphina timaitana mlangizi osachita manyazi, chifukwa tikudziwa ntchito yake. Mphaka naye ndi wantchito pakhomo.

Lachiwiri ndi la umunthu. Nyamayi sidadzibweretse yokha, ndidakaitenga ndine kwa mayi wake. Amene adamvapo kupweteka kwa dzino usiku akudziwa ululu wake. Mphaka amaubisa ululu, chifukwa m'chilengedwe nyama yooneka yofooka ndiyo imagwidwa, ndiye pofika poti akulira ndi mbale ndiye kuti wavutika nthawi yaitali. Ana athu amaonanso mmene timachitira ndi chofooka chomwe chili m'manja mwathu, ndipo amaphunzirapo.

Sindikunena kuti aliyense angakwanitse zonse zomwe ndafotokozazi. Koma zambiri mwa izo sizilira ndalama: kuyang'ana m'kamwa, kusinja usipa, kupukuta mano ndi kansalu, ndi kusamupatsa mankhwala a anthu.

Kopeza thandizo

Poyambira ndi kwa mlangizi wa ziweto wa ku EPA yanu, kapena ku ofesi ya zaulimi ya paboma, komwe kuli a nthambi yoona za umoyo wa ziweto. Iwo akhoza kukuthandizani pa katemera wa chiwewe ndi mankhwala a njoka, komanso kukulozerani kwa dokotala. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA lomwe lili ndi chipatala cha zinyama, ndipo ku Blantyre kuli BSPCA. M'mizinda mulinso madokotala oyima paokha. Kuyambira mu 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likugwira ntchito ya katemera wa chiwewe ku Blantyre ndi maboma oyandikana nawo, ndipo pa 28 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe. Mukamva kuti obaya katemera afika m'dera lanu, funsani ngati mungabweretsenso mphaka, ndipo mumunyamule m'dengu lotseka kapena m'katoni, osati m'manja pakati pa agalu. Sukulu ya LUANAR ku Bunda tsopano ikuphunzitsa madokotala a zinyama konkuno, zomwe zikupereka chiyembekezo kuti thandizo lotere lidzafika pafupi ndi ife a m'maboma.

Kwa dokotala funsaninso za katemera wa chimfine cha amphaka. Amayamba mwana ali ndi sabata 8 kapena 9, n'kubwereza patapita sabata zitatu kapena zinayi. Ndipo potenga mwana wa mphaka, musamulande kwa mayi wake asanakwane miyezi iwiri.

Bonya tsopano wakwanitsa zaka ziwiri. Nkhama zake sizidafike poyereratu, kumbuyo kukadali kamzere kofiirira komwe timakayang'anira, ndipo mswachi sitidausiye. Koma fungo lidatha, thupi lidabwerera, ndipo ntchito akuigwira.

Yang'anani kamodzi pa sabata

Pempho langa kwa aliyense woweta mphaka wobayitsa katemera ndi ili: muzoloweretseni adakali wamng'ono kugwiridwa kukamwa, ndipo kamodzi pa sabata tukulani mlomo wake pamalo owala. Nkhama zabwino zimakhala zofiirira mopepuka ngati m'kati mwa gwafa, zosalala, zogwira dzino bwinobwino. Mzere wofiira kwambiri m'mphepete mwa mano, kutupa kapena magazi ndi chiseyeye. Nkhama zoyera ngati pepala zikutanthauza kuchepa magazi, mwina chifukwa cha njoka, utitiri kapena poizoni. Zachikasu zikuloza ku chiwindi kapena matenda a magazi. Zabulauni kapena zobiriwira ngati mtambo ndi ngozi ya nthawi yomweyo. Timadontho takuda tosatukuka, tomwe timaoneka mwa amphaka ena makamaka ofiirira ubweya, nthawi zambiri ndi chibadwa chabe.

Nthawi yofunika kuyang'anitsitsa ndi kuyambira miyezi 6 mpaka chaka ndi theka. Mano aukulu akamera onse koma kufiira osatha pakapita mwezi, musadikire kuti aonde kaye. Nthenda imeneyi ikagwidwa idakali m'nkhama imabwerera m'mbuyo, koma ikafika pafupa, chotsala ndi kuzula. Amene muli ndi tiana ta mphaka tobadwa dzinja lino, dziwani kuti tidzakhala tikumaliza kugula mano nthawi yomwe chimanga chikulowa m'matumba. Mudzatiyang'ane m'kamwa musanatipatse ntchito.